Nyimbo Yogonekera Adona

4 Febuluwale

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu komanso ababa. Ine ndilipo, chovuta ndi pakhosi.

Alamu andilembera uthenga kuti mwakwiya chifukwa sindikuyankha foni, eti mukuti ndayamba matama a m'tauni. Si matama ayi. Mawu ndiwo anathawa. Ndinadzuka Lolemba lina kuti ndibweze moni wa mayi woyandikana naye nyumba, pakamwa panangotuluka mpweya. Adokotala anandisuzumira kukhosi ndi kagalasi, akuti pamene pamatulukira mawu pamera timatuza tiwiri. Andiletsa kuyankhula masabata asanu ndi limodzi, ndipo kunong'ona akuti ndiye koipiratu. Ndikuyenda ndi kakope m'thumba. Kuntchito, kochapira zovala za hotela kuja, andichotsa pa simbi yanthunzi, tsopano ndikupinda matawulo. Akapitawo akuti ndasanduka wantchito wabwino poti sindiyankhanso.

Munandifunsa tsiku lina kuti nyimbo zangazi ndi za mtundu wanji, poti si zakutchalitchi, si zovinira. Kuno timangoti nyimbo za nkhungu. Gitala imalizidwa pang'onopang'ono, mawu amakhala otsika ngati munthu akupumira pagalasi, ndiye timawajambula katatu kanayi n'kuwasanjikiza, mpaka womvera sadziwa ngati akuimba ndi munthu mmodzi kapena gulu lili kuseri kwa khoma. Omvera ake ndi ochepa. Tikachuluka timakwana makumi atatu, onse khale pansi, palibe ogwedeza ngakhale phewa.

Pali bambo wina, timamutcha Wandevu, ali ndi kakampani kotulutsa nyimbo zoterezi. Anavomera kutulutsa chimbale changa. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikudikira zimenezi, Achemwali. Akufuna nyimbo zisanu ndi zinayi pofika pakati pa Malichi. Zisanu ndi zitatu ndinajambula mawu asanathawe. Yatsala imodzi, ndipo pakhosi ndi pamenepa.

Nchifukwa chake ndikupempha. Nyimbo ija munkaimbira Adona kuchipinda chakumbuyo, ya nsapato ija, ndili nayo. Kodi mungalole kuti ndiyiike pachimbale? Ndikudziwa kuti dzina la mwana wanuyu sititchula kawirikawiri. Mukakana ndimva.

Mundiuze za ababa. Mwendo uja ukutupabe?

Ndine mng'ono wanu.


19 Febuluwale

Mng'ono wanga,

Kalata yako ndalandira. Pepa ndi pakhosipo. Ukanangonena msanga m'malo mondisiya ndikuimba foni ngati wamisala. Uzimwa madzi ofunda, ndipo nthunzi ya kuntchitoyo uitalikire ndithu.

Kuno tilipo, kutopa kokha. Kufamu ya nkhuku atichepetsa, tinali anayi posankha mazira, tatsala awiri. Tsiku lonse ndimaima pa nyali ija, kuunika dzira lililonse ngati lili ndi mng'alu. Ndikatseka maso ndimaonabe mazira akudutsa. Ndikafika kunyumba ndiye ababa. Mwendo waphwa, koma makutu ndiye apita. Ukati muli bwanji, amayankha kuti Lachitatu. Dzulo anakangana ndi alamu ako ola lathunthu, wina akunena za mvula, wina za njinga, ndipo aliyense anachoka akuti wapambana.

Za nyimbo zako za nkhunguzo, ine sindinamvetsebe. Munthu amaimba kuti amveke, iwe ukuimba kuti usamveke. Koma ndi moyo wako.

Nyimbo ya Adona, imba. Ndi mizere itatu yokha, ndinangoipeka poti mwana ankakana kugona. Sindimadziwa n'komwe kuti unaisunga m'mutu. Koma udikire kaye pakhosi papole, usadzipweteke chifukwa cha bambo wandevuyo. Ine sindidzaimvera, usandikakamize. Mwezi wa mawa zikwana zaka zitatu chitisiyireni mwanayo, ndipo ndimangofuna mweziwo udutse.

Ababa akuti ndikuuze kuti uzivala zamphepo. Sindinawauze za pakhosi, angoganiza okha.

Ndine mkulu wako.


2 Malichi

Okondedwa Achemwali,

Zikomo kwambiri. Ndinawerenga kalata yanu nditaima pakati pa matawulo, ndinalira mopanda mawu, ndipo ndazindikira kuti kulira kotero kumatopetsa kuposa kwa masiku onse.

Nyimbo yatha. Tinaijambula Lamulungu m'mawa m'masitepe a nyumba ina ya maofesi, alonda ake ndi achibale a mnzanga. Masitepewo ndi a simenti, nsanjika zisanu ndi ziwiri, ndipo ukaliza chingwe chimodzi cha gitala pansi, kulira kwake kumakwera mpaka pamwamba n'kubwerera kutafewa. Mnzangayo ndi mayi wachikulire, timamutcha Mayi Sowo, chifukwa amaliza sowo yeniyeni yochekera matabwa. Amaipana pakati pa mawondo, n'kuipinda, n'kumaikhula ndi uta wa vayolini. Imalira ngati munthu wamkazi akuitana patali. Alamu atamuona angakomoke ndi kuseka, kenako angatchere khutu ngati mmene amachitira aliyense.

Tinabwereza maulendo makumi awiri. Chikepe chokwerera pamwamba chikangoyenda, tiyambirenso. Nkhunda zikalira pawindo, tiyambirenso. Ine ndimangoloza ndi chala. Wandevu ataimva anavula magalasi, akuti iyi ndiyo mtima wa chimbale chonse. Wapempha mnzake wa pawailesi kuti adzaiulutse Lamulungu pa 16, nthawi ya 3 koloko masana, pa pologalamu ya nyimbo zofatsa. Alamu ndiwatumizira uthenga wa nthawiyo.

Pakhosi pakadali chimodzimodzi. Atsala masabata awiri.

China chimene mwina sindinalongosole bwino. Poti ine sindingaimbe, mawu ali m'nyimboyo ndi anu. Ndinakujambulani pafoni nthawi ija Adona ankadwala, ndili pakhonde la chipinda. Naye akumveka pang'ono. Ngati simukufuna, mundidziwitse pasanafike pa 12.

Ndine mng'ono wanu.


18 Malichi

Mlamu,

Ndine mwamuna wa akulu anu. Makalata sindinazolowere, mukhululuka zolembazi.

Uthenga wanu wa wailesi ndinaulandira ndipo ndinakondwa. Ndinati mlamu wanga wavutika nthawi yaitali, lero amveke. Lamulungu ndinasesa pabwalo la shedi yanga, ndinachotsa zitseko ndi mafelemu amene ndikuwotcherera, ndinayala mabenchi. Ndinaitana anansi. Ababa ndinawaika pampando wawo pafupi ndi wailesi. Akulu anu anati samvera, koma anavomera kubweretsa makapu.

Itayamba nyimboyo kunamveka chinthu cholira mwa mluzu, anthu n'kumayang'anana. Kenako ndinamva mkazi wanga akuimba. Osati inu. Iyeyo, ndi bedi lathu likulira mmene limalirira munthu akakhala m'mphepete. Gona Adona, nsapato zako zili pakhomo, mawa tiyenda. Akulu anu anali atafika pakati pa bwalo ndi thileyi m'manja.

Kenako mwana anatsokomola. Kawiri mofulumira, kachitatu mokoka. Chifuwa chimenecho ndimachidziwa, ndinachimva masabata asanu. Koma inu munachiika m'makina anu, ndiye chinabwereza, n'kubwereza, chikunka chizilala ngati belu. Mayi wa kuseri kwathu anati koma ndiye zokoma. Sankadziwa. Anasamukira kuno chaka chatha.

Akulu anu anatula thileyi pansi bwinobwino, kapu ngakhale imodzi sinagwe. Analowa m'nyumba. Ababa amangofunsa kuti akuimbayo ndi mwana wawo wamng'ono uja? Itatha anaomba m'manja okha.

Lolemba sanapite kuntchito. Lero apita, koma sanadye. Sakulira, sakukalipa. Akanakalipa bwenzi ndikudziwa chochita.

Ine ndimawotcherera zitsulo, za nyimbo sindizidziwa. Koma mwana uja bokosi lake ndinalinyamula ndekha m'manja, silinafune anthu awiri. Munayenera kutiuza. Musaimbe foni panopa.

Ndine mlamu wanu.


22 Malichi

Achemwali,

Kalata ya alamu yandipeza. Sindikudziwa poyambira.

Ndinakulemberani pa 2 Malichi, ndinanena kuti mawuwo ndi anu ndipo mwana akumveka. Tsiku la 12 litadutsa osamva kanthu, ndinayesa mwavomera. Kodi kalatayo sinafike?

Koma ndisabisale kuseri kwa kalata. Yoyamba ija ndinalemba mozemba, ndipo ndinachita dala. Ndinati nyimbo ndili nayo, osanena kuti ndili nayo pafoni. Mutayankha kuti imba, ndinaona kuti simunamve chimene ndimatanthauza, koma ndinatenga yankholo n'kuthamanga nalo. Ndinkaopa kuti mukamva bwino mukana, ndipo ndikhala ndi chimbale chopereweza ndi pakhosi popanda mawu.

Tsiku limene ndinajambula ndinali nditakhala pakhonde, ndikudikira kuti mutuluke ndilowe ine kukamuyang'anira. Munayamba kuimba. Sindinaganize kuti mwana atisiya pakatha masiku atatu. Ndinangomva kuti nyimboyo ndi yokongola, ndipo dzanja linapita lokha pafoni. Ndi mmene ndilili, ndikamva chokoma ndimatola. Pambuyo pa maliro ndinachita manyazi kukuuzani.

Za chifuwa chija, Mayi Sowo anandifunsa ngati tichidule. Ndinalemba pakakope kuti ayi, chisiyeni. Ndinkati ndikumusunga mwanayo kuti asazimirire. Lero sindikudziwa ngati ndi zoona.

Ndiuzeni chochita. Chilichonse.

Ndine mng'ono wanu.


9 Epulo

Mng'ono wanga,

Kalata yako ya pa 2 Malichi andipatsa sabata yatha. Inali mu ofesi ya kufamu, pansi pa katoni ya mankhwala a nkhuku. Ndaiwerenga kawiri. Masitepe, nkhunda, sowo, magalasi a bambo wandevu, zonsezo zinapeza malo pamwamba. Mwana wanga unamuika kumapeto, pambuyo pa pakhosi pako. Naye akumveka pang'ono. Ndi mmene unalembera.

Anthu akuganiza kuti ndakwiya chifukwa anansi anamva. Alamu akonso akuganiza choncho. Si zimenezo.

Zaka zitatu ndakhala ndikuyesa kukumbukira mmene Adona ankamvekera. Nkhope ndili nayo, zithunzi zilipo zinayi. Koma mawu anandithawa chaka choyamba chomwe. Ndimaima pa nyali ya mazira ndikuwafunafuna m'mutu, osawapeza. Ndinkadziona ngati mayi woipa. Nthawi yonseyo iwe unali nawo m'thumba. Unabwera kuno kawiri, unagona m'nyumba muno, foni ili pamtsamiro, osanena kanthu. Woyamba kumumva anakhala wandevu wako.

Ukufuna chochita, nachi. Nyimboyo uichotse kulikonse kumene ili. Zimene unajambulazo unditumizire mmene zinalili, zopanda gitala, zopanda sowo, zopanda nkhungu yakoyo. Ukatero uzifufute kwako.

Ababa ali bwino. Akumauza aliyense kuti mwana wawo anaimba pawailesi.

Ndine mkulu wako.


20 Epulo

Achemwali,

Ndachita zimene munanena. Zojambulazo ndaziika pa kamemori ka mufoni, kali m'kapepala kamene ndamata mkati mwa envelopuyi. Ndi mphindi zinayi ndi theka, sindinadule kalikonse. Pafoni panga ndafufuta, pakompyuta ya Wandevu ndinaima pambuyo pake mpaka anafufuta ndikuona. Kamene muli nakoko ndi kokhako.

Koma ndisakunamizeni. Nyimbo ija inakhala pa intaneti masabata atatu. Anaimvera anthu pafupifupi mazana asanu ndi limodzi, chiwerengero chimene sindinachifikepo chiyambire. Ena mwina anaisunga. Amenewo sindingawapeze.

Wandevu sanakalipe, iye sakalipa. Anandikhazika pansi n'kuyamba kundifotokozera kuti chisoni cha munthu mmodzi chikalowa m'nyimbo chimakhala cha anthu onse. Anandionetsa uthenga wa mayi wina wakutali amene anataya mwana, akuti amaimvera m'mawa uliwonse. Ndinawerenga, ndipo mtima unagwedezeka, sindikana. Kenako ndinamulembera pakakope kuti mwini mawu wakana. Anati popanda nyimbo imeneyo chimbale ndi chabwino koma si chofunika kuthamangira, tidzaona chaka chamawa. Ndakhala m'tauni muno mokwanira kudziwa tanthauzo la chaka chamawa.

Mayi Sowo anandiperekeza pokwerera basi. Anati, ndinaliza sowo pamwamba pa chifuwa chija maulendo makumi awiri, sindinafunse kuti mwanayo ali kuti, nanenso ndili ndi mlandu. 

Adokotala andilola kuyankhula. Mawu abwera, koma si aja. Ndi okhuthala, otsika, ndipo ndikakwera pang'ono amang'ambika. Akuti ammwamba aja mwina adzabwerera, mwina ayi. Nyimbo zanga zisanu ndi zitatu zija ndikaziyesa zikukhala ngati malaya a munthu wina. Kuntchito andibwezera pa simbi, ndipo akapitawo akuti ankandikonda ndili chete.

Sindikupempha kuti mundiyankhe msanga.

Ndine mng'ono wanu.


30 Meyi

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Papita mwezi ndi masiku khumi. Alamu anangonditumizira mawu amodzi, akuti yafika. Ndikuthokoza ngakhale pa zimenezo.

Nkhani zanga ndi zochepa. Ndasamukira m'chipinda china chaching'ono, windo lake layang'ana khoma. Ndapeka nyimbo zinayi zatsopano zogwirizana ndi mawu amene ndatsala nawo. Mayi Sowo wandikakamiza kuti ndiziimbe pamaso pa anthu. Kudzakhala Loweruka pa 14 Juni, 2 koloko masana, m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ya mabuku akale, moyang'anana ndi depoti ya basi. Ndikungokuuzani kuti mudziwe kumene ndili, ndipo kuti musadzamvenso kanthu kanga modzidzimuka. Mulibe mawu a munthu wina aliyense m'nyimbozi.

Ndikuopa. Ndikhoza kutsegula pakamwa n'kutuluka chule.

Kodi ababa chisanu chino akuchipirira? Kufamu anakuwonjezerani munthu?

Ndine mng'ono wanu.


17 Juni

Mng'ono wanga,

Tili bwino. Ababa chimfine chinawagwira koma chawasiya. Kufamu tikadali awiri.

Kamemori kako kanakhala m'kabati milungu itatu ndisanakakhudze. Tsiku lina alamu ako atapita kukapereka geti kwa kasitomala, ndinakaika mufoni, ndinakhala pabedi. Ndinamva ine ndikuimba, ndinamva chifuwa. Zimenezo ndinali nditakonzekera. Chimene sindinakonzekere ndi chakumapeto. Nditamaliza kuimba ndinayambiranso, koma chifukwa cha kutopa ndinati malaya ako ali pakhomo. Ndiye kamveka kamawu kokalipa, kakuti, ayi amama, nsapato! Ine n'kuti, pepani Adona, nsapato. Iye n'kuti, eya.

Ndinaseka. Ndinaseka mpaka ababa, ogontha aja, anabwera kudzasuzumira. Ndi iyeyo ndendende, wolamula nyumba yonse, amene ankakana kukhala pansi popanda kumuyalira nsalu. Ndinali nditaiwala kuti ngakhale akudwala ankatikalipira. Alamu ako atabwera ndinawamvetsa. Anatuluka n'kukakhala mushedi osayatsa makina, atabwerako anati tiyikenso.

Tsono ndikufunse. Unali ndi zonse ziwiri, chifuwa ndi mawu. Unasunga chifuwa, mawu unadula. Ndaganiza za chimenechi masiku ambiri. Ndikuona kuti mwana wokalipa sakanakwana m'nkhungu yakoyo, wodwala ndiye anakwana. Sindikunena kuti ndikupweteke. Ndikufuna uzidziwe, poti ukupitiriza kupeka.

Loweruka ndinalipo. Sunandione. Ndinapempha chilolezo kufamu, ndinakwera basi ya m'mawa, ndinauza alamu ako kuti ndikukagula mankhwala a ababa, ngakhale alamuwo anadziwa. Ndinakhala kumbuyo, kuseri kwa shelefu ya mabuku, pa kampando kotsamira khoma. Ndinawerenga anthu, tinali khumi ndi anayi, kuphatikiza wogulitsa mabuku. Waonda. Diresi lija silikukukhalanso.

Mawu ako atsopano si chule. Akufanana ndi a malemu amayi akadzuka kumene. Nyimbo yoyamba unang'ambika pakati, ndipo ndinafuna kuimirira kuti ndiwauze anthuwo asakuyang'ane. Koma palibe anaseka. Unayambiranso. Yachiwiri ija ya munthu wopinda matawulo a anthu amene sadzawaona, ndinaimva mawu onse. Yachitatu ndinamva theka.

Yachinayi sindinaimve. Ndinagona. Usakhumudwe. Sowo ija inkalira, iwe ukung'ung'udza pansipansi, dzuwa likulowera pawindo n'kundiwomba m'miyendo, ndiye mutu unangotsamira khoma. Chichokereni mwana sindinagonepo tulo totero, topanda kulota, topanda kudzidzimuka. Anandidzutsa ndi mayi wa sowo uja, anthu atayamba kutsika, iwe uli kutsogolo ukuyankhula ndi atsikana awiri. Anandiyang'ana nkhope n'kuti, ndinu akulu ake. Ndinamupempha kuti asakuuze, ndipo ndikuona kuti wasunga.

Ndinatsika osakupatsa moni. Sindinafune kunama pamaso pa anthu kuti zonse zatha. Sizinathe. Masiku ena ndimadzuka ndili nawe bwino, ena ayi.

Ababa akufunsa tsiku lililonse kuti ubwera liti. Ndatopa kuwakuwira m'khutu kuti sindikudziwa. Ukafuna kubwera, gitala ubwere nayo kapena uisiye, zili ndi iwe. Koma ubwere Loweruka, ndi tsiku lokhalo limene ndimaweruka msanga.

Ndine mkulu wako.